Bokosi la makhadi a zining'a za Chingerezi: momwe ntchito yayendera

Ntchito yomwe ndikufotokoza pano ndi yopanga bokosi la makhadi 200 a zining'a za Chingerezi, loti ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sukulu yathu yoyendera azibwerekamo monga amabwerekera mabuku. Madikishonale pasukulu pano alipo awiri okha, ndipo amakhala mu ofesi ya aphunzitsi. Mwana akakumana ndi mawu ngati "under the weather" m'nkhani yowerenga pa mayeso, amatenga liwu lililonse palokha n'kuyankha kuti munthuyo ananyowa ndi mvula, chonsecho nkhani ikunena za munthu amene sakupeza bwino m'thupi. Aphunzitsi anzanga amene mungafune kupanga chonga ichi, ndalemba mitengo ndi zonse zomwe zinavuta kuti ndalama zanu zipite pomwe pali phindu. Ahedi anatipatsa K60,000 kuchokera ku thumba la dipatimenti ya zilankhulo.

8 Okutobala: kusankha zining'a

Ndinagula bandulo ya K3,000 n'kukopera mindandanda ingapo pa intaneti. Titakhala nayo pansi ndi Madamu amene amaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3, tinaona kuti zambiri sizingathandize mwana wa kuno. Mindandanda yambiri imalembedwa ku America, choncho yadzaza ndi mawu ochokera ku masewero a baseball: "step up to the plate", "out of left field", "ballpark figure". Mabuku athu, nyuzipepala zathu ndi mayeso athu amatsata Chingerezi cha ku Britain. Kwina kusiyana kwake n'kochepa. Ku Britain amati "a storm in a teacup", ku America "a tempest in a teapot". Ku Britain "touch wood", ku America "knock on wood". Uku "blow your own trumpet", uko "blow your own horn". Vuto limabwera mwana akasakaniza ziwirizi n'kutulutsa mawu omwe kulibe kulikonse.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi liwu loti "table". Ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, nduna ya zachuma ikachita "table" bajeti ndiye kuti yaibweretsa kuti aphungu akambirane, monga zimakhalira ku London. Ku Washington liwu lomwelo limatanthauza kuika nkhani pambali kuti isakambidwe kaye. Mndandanda wina unapereka tanthauzo la ku America lokha, ndipo mwana woloweza zimenezo angamve nkhani za pa wailesi mozondoka.

Tinagwirizana kuti kutsogolo kwa khadi kuzikhala mawu a ku Britain. A ku America, ngati alipo, azilembedwa kuseri m'zilembo zazing'ono.

19 Okutobala: nyuzipepala zakale

Mindandanda ya pa intaneti sinatiuze kuti ndi ziti zomwe anthu amagwiritsadi ntchito. Tinagula mulu wa nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times kumsika, kwa mayi amene amazigulitsa kwa okulunga nsomba ndi zitumbuwa. Mulu wonse K2,000. Ana a kalabu ya Chingerezi anagawana masamba, ndipo aliyense ankadula mzere kunsi kwa mawu omwe akuwadziwa limodzi limodzi koma osamva tanthauzo lake onse pamodzi.

Zomwe zinatuluka zinali zosiyana kotheratu ndi za pa intaneti. Zobwerezabwereza zinali "under fire", "in hot water", "give the green light", "red tape", "up in arms", "take to task", "foot the bill", "nip in the bud", "turn a blind eye", "move the goalposts" ndi "white elephant". Chining'a chomwe mwana aliyense amachidziwa kuyambira ku pulayimale, "raining cats and dogs", sitinachipeze pa tsamba lililonse. Kwa ine apa ndi pomwe ntchito inapezera njira yake: zomwe timaloweza m'kalasi ndi zina, zomwe mwana adzawerenge akamaliza sukulu ndi zina. Makhadi 120 tinawapereka ku zining'a za m'nyuzipepala, otsalawo ku za m'mabuku a Literature ndi za kucheza.

Phindu lina la nyuzipepala ndi loti ziganizo zachitsanzo tinazipeza momwemo. Tinangosintha mayina a anthu ndi a mabungwe.

2 Novembala: makhadi oyesera ndi zithunzi

Tinapanga makhadi 20 oyesera pa manila otsala a chaka chatha. Mnyamata wina wa Fomu 3 amene ali ndi luso lojambula anajambula chithunzi pa khadi lililonse: mphaka akutuluka m'thumba, nyemba zikutayika, munthu akukoka mwendo wa mnzake. Makhadi anakongola ndipo ana ankalimbirana.

Patatha sabata tinawafunsa matanthauzo. Chithunzi anachikumbukira onse, tanthauzo ayi. Pa "pull someone's leg" ambiri analemba kuti ndi kubwezera munthu m'mbuyo chifukwa cha nsanje. Sindikuwada, chifukwa chithunzi cha munthu wogwidwa mwendo chimanenadi zimenezo kwa aliyense wokulira kuno. Koma m'Chingerezi mawuwa amatanthauza kumuseleula munthu, kumunamiza mongocheza kuti museke. Pa "spill the beans" ena anati ndi kusakaza chakudya, pomwe ndi kuulula chinsinsi. Chithunzi chinalimbikitsa tanthauzo lomwe timafuna kulichotsa m'mutu mwa mwana.

Pena zithunzi zinathandiza. "Bite off more than you can chew", "put all your eggs in one basket" ndi "put the cart before the horse" anazikhoza pafupifupi onse, chifukwa ukaona ngolo ili patsogolo pa chinyama choikoka, umadziwa wekha kuti zinthu zachitika chobwerera. Choncho zithunzi tazisiya pa makhadi okhawo omwe chithunzi chimakulondolera ku tanthauzo. Mnyamata uja anakhumudwa pang'ono, ndiye tinamupatsa ntchito yokongoletsa chivundikiro cha bokosi.

Maonekedwe omwe tinakhazikika nawo ndi awa. Kutsogolo kuli chining'a, ndipo kunsi kwake ziganizo ziwiri kapena zitatu zofotokoza zomwe zinachitika, chining'acho chili m'kati. Mwana ayambe waganiza yekha asanatembenuze. Kuseri kuli tanthauzo m'Chingerezi chosavuta, kenako m'Chichewa. Chiganizo chimodzi chokha sichikwanira. "He was pulling my leg" sichiuza mwana kanthu. Koma mukalemba kuti mchimwene wake anamuuza kuti sukulu yatsekedwa, iye n'kuvula yunifolomu, kenako mchimwene uja n'kuyamba kuseka, mwana amapeza tanthauzo asanaone kuseri.

16 Novembala: kusindikiza ndi kumata

Pepala limodzi la A4 limatulutsa makhadi anayi. Kutsogolo masamba 50, kuseri masamba 50, onse 100 pa K150 tsamba limodzi, K15,000. Manila akuluakulu 13 pa K800, K10,400. Guluu wa m'botolo K4,000. Kutaipa kunatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse, chifukwa kompyuta ya pasukulu ndi imodzi ndipo magetsi akathima zonse zimaima. Zambiri ndinataipa pa foni usiku.

Titayamba kumata mapepala pa manila, zilembo zinayamba kusungunuka. Makina omwe anatisindikizira anali a inki yamadzi, ndipo guluu atanyowetsa pepala inki inayenderera. Makhadi 40 oyambirira anawonongeka moti "thin" ndi "then" sizinkasiyananso. Tinaima pomwepo. Masamba otsala tinawamata popaka guluu wochepa kwambiri pa manila osati pa pepala, n'kudikira kuti ayambe kuuma tisanagwirizanitse. Masamba 20 owonongeka aja tinakasindikizanso pa makina a fotokope, omwe inki yake ndi yaufa ndipo siyenderera ndi madzi, pa K200 tsamba, K4,000. Ngati mukuyamba kumene, funsani kaye mtundu wa makina, ndipo sankhani a inki yaufa ngakhale akwere mtengo.

Kumata pulasitiki pa makina anatiuza K1,500 pa A4 iliyonse. Masamba 50 ndiye K75,000, kuposa ndalama yonse ya ntchitoyi. M'malo mwake tinagula selotepi yaikulu ija yomangira makatoni, mipukutu inayi pa K2,500 uliwonse. Khadi lililonse limafuna mizere iwiri kutsogolo ndi iwiri kuseri, ndipo tepi ipitirire pang'ono m'mbali kuti itseke. Ana akamata mothamanga pamatsala mpweya m'kati, ndiye muwapatse rula kuti azisalaza pomata.

30 Novembala: bokosi

Akalipentala a pa msika anatikhomera bokosi la matabwa a paini, la chivundikiro ndi pokolowekera loko, K12,000. Pofika apa tinali titagwiritsa ntchito K60,400. Loko ndinabweretsa yakunyumba. Makhadi tinawasanja motsata alifabeti n'kutsekera bokosi m'sitolo ya mabuku nthawi ya tchuthi.

13 Januwale: chivundikiro chapindika, alifabeti yakanika

Titatsegulira tinapeza chivundikiro chitapindika, chifukwa matabwa anali asanaume bwino pokhoma. Chinyezi chinalowa ndipo makhadi omwe tepi sinatseke bwino m'mbali anachita chuku. Tinawayanika pa khonde n'kuwamatanso. Akalipentala atachiona anati, "Aphunzitsi, thabwa ili linali laliwisi, ndikonza mwaulere," ndipo anakhomera timatabwa tiwiri topingasa kunsi kwa chivundikiro. Bokosi tsopano likukhala pamwamba pa shelefu, osati pa simenti.

Vuto lalikulu linali la kasanjidwe. Mwana sadziwa kuti "turn a blind eye" aifune pa T, pa B kapena pa E, ndipo pobweza amangoiponya paliponse. Alifabeti inasokonekera sabata yoyamba yomwe.

Njira ina inabwera kuchokera kwa ana eni ake. Tikubwereza makhadi, ndinaona kuti gulu lina la zining'a akuligwira mosavuta. Mtsikana wina atatenga khadi la "wash your hands of something" anati, "Sala, uyu si Pilato uyu?" Inde ndi Pilato, pa Mateyu 27:24. Zining'a zambiri za Chingerezi zinachokera m'Baibulo, makamaka la King James la 1611, ndipo ana athu nkhani zimenezi amazidziwa kuchokera ku Sande sukulu ndi ku kwaya. "The writing on the wall" ndi dzanja lija linalemba pa khoma pa phwando la mfumu Belisazara, Danieli 5. "By the skin of your teeth" ndi Yobu 19:20. "A leopard cannot change its spots" ndi Yeremiya 13:23. "Go the extra mile" ndi Mateyu 5:41, "the blind leading the blind" Mateyu 15:14, "a fly in the ointment" Mlaliki 10:1. "Scapegoat" ndi mbuzi ija ya pa Levitiko 16 yomwe inkasenzetsedwa machimo a anthu n'kuthamangitsidwira kuchipululu, ndipo liwuli analipanga William Tyndale pomasulira Baibulo mu 1530. Pa makhadi onsewa tinawonjezera chaputala ndi vesi ndi maka, pamwamba pa tepi. Ana achisilamu m'kalasi mwathu nawonso nkhani ya Yobu amaidziwa, ndipo zina anawafotokozera anzawo pa nthawi yopuma.

Tinasiya alifabeti n'kusanja makhadi motsata komwe zining'a zinachokera: za m'Baibulo, za Shakespeare, za nthano za Aesop ndi za Agiriki, za masewero, za pa nyanja, za nyengo, za ziwalo za thupi, ndi zotsala. Zogawira tinadula pa katoni ya sopo, popanda kulipira kanthu. Kusanja kotereku kukuthandizanso kukumbukira. Mwana akadziwa kuti "throw in the towel", "below the belt", "on the ropes" ndi "saved by the bell" zonse ndi za nkhonya, amaziona mu bwalo limodzi.

Gawo la Shakespeare tinaliyamba ndi Macbeth, popeza akuwerenga kale mu Literature. "The milk of human kindness" ndi mawu a Lady Macbeth podandaula kuti mwamuna wake ndi wofatsa mtima kwambiri. "At one fell swoop" ndi a Macduff atamva kuti mkazi wake ndi ana ake onse aphedwa nthawi imodzi. Ana ankaganiza kuti "fell" ameneyu ndi wa kugwa, pomwe ndi liwu lakale lotanthauza chankhanza, monga kabawi akawakha anapiye. Titabwerera pa ndime imeneyo m'bukulo m'kalasi munali zii, ndipo chining'achi sanachiiwalenso.

27 Januwale: nkhani za chiyambi zopanda umboni

Atazolowera kufunsa komwe mawu anachokera, ana anayamba kubweretsa nkhani za pa WhatsApp. Ina inkati "raining cats and dogs" inayamba chifukwa amphaka ndi agalu ankagona pa madenga a udzu ku England ndipo ankaterereka mvula ikagwa. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva koma ilibe umboni. Chodziwika n'chakuti Jonathan Swift anagwiritsa ntchito mawuwa m'buku lake la 1738. Ina inkati "rule of thumb" inachokera ku lamulo lololeza mwamuna kumenya mkazi wake ndi ndodo yosaposa chala chachikulu. Ku England kunalibe lamulo lotero, ndipo sindikufuna kuti mwana wamkazi m'kalasi mwanga aloweze bodza ngati limenelo kuchokera pa khadi lomwe ndalemba ine.

Tinaika lamulo: chiyambi chizilembedwa pa khadi pokhapokha pali vesi, ndime ya sewero kapena chaka chodziwika. "Cross the Rubicon" inalowa, chifukwa Julius Caesar anaolokadi mtsinje umenewu ndi asilikali ake mu 49 BC, podziwa kuti kubwerera kulibe. "Meet your Waterloo" inalowa, Napoleon anagonjetsedwa kumeneko mu 1815. "White elephant" inalowa ndi mawu ochepa, ngakhale ilibe chaka: ku Siam, komwe lero ndi Thailand, njovu yoyera inali yopatulika, sinkagwira ntchito koma inkafuna chakudya ndi chisamaliro tsiku lililonse. Ana atamva zimenezi anayamba kutchula okha nyumba zomwe zinamangidwa ndi ndalama zambiri n'kungokhala osagwiritsidwa ntchito. Makhadi ena onse mzere wa chiyambi tinausiya wopanda kanthu.

10 Febuluwale: madzi oundana

Gawo la nyengo linali lovuta kuposa onse. "Snowed under", "skating on thin ice", "the tip of the iceberg", "put on ice": zonsezi zinabadwira kwa anthu a kumayiko ozizira, omwe anazolowera chisanu ndi madzi oundana. Kufotokoza ndi pakamwa sikunathandize. Ndinagula chibulumwa cha ayezi cha K300 kwa mayi wogulitsa mafilizesi n'kuchiponya mu jagi yoonekera ya madzi. Ana anabwera kutsogolo m'magulu n'kuona okha kuti chooneka pamwamba ndi kagawo kakang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo china chonse chili pansi pa madzi. Nditawafunsa tanthauzo la chiganizo cha m'nyuzipepala chonena kuti ndalama zomwe zadziwika kuti zabedwa ndi "the tip of the iceberg", manja anakwera kalasi yonse. Ngati mukuyesa izi, chitani m'mawa, ndipo ayezi mumukulunge m'chiguduli.

3 Malichi: kalata yopempha chilolezo

Apa ndi pomwe bokosi linabweretsa vuto lomwe kunalibe kale. Ndinapereka ntchito ku Fomu 4 yolemba kalata kwa mphunzitsi wamkulu yopempha chilolezo chopita ku maliro. Mtsikana wina wakhama kwambiri, amene amabwereka makhadi kuposa anzake, analemba kuti agogo ake "kicked the bucket". Tanthauzo analigwira molondola, ndi kumwalira. Koma mawuwa ndi anthabwala, ndipo mzungu sangawanene za munthu amene akumulira. Ndinamuitana payekha n'kumufunsa ngati pa siwa, kwa anamfedwa, angalankhule za malemu mwachipongwe. Anati, "Ayi Sala, timati atisiya." Ndinamuuza kuti Chingerezi nachonso chili ndi mawu aulemu, "passed away", ndipo khadi lathu silinamuchenjeze.

Makope ena anali ndi matenda a mtundu wina. Chimangirizo cha mawu 400 chinali ndi zining'a zoposa khumi, zina zotsutsana m'ndime imodzi. Mwana wina anadzuka "at the crack of dawn", nathamanga "like a bat out of hell", mayeso anali "a piece of cake", ndipo zonse zinachitika "once in a blue moon". Nkhani yeniyeni ya chimangirizo inasowa. Ana amaganiza kuti chining'a chilichonse ndi malikisi. Enanso ankasintha mawu osasinthika: "once in the blue moon", "cost a leg and an arm", "let a cat out of the bag". Wina analemba "the bucket was kicked by him", zomwe kwa mwini chilankhulo zimangotanthauza kuti ndowa yamenyedwa theche.

Tinatulutsa makhadi onse m'bokosi. Tinagula mamaka awiri osafufutika, ofiira ndi obiriwira, K3,000 ya m'thumba mwanga. Ngodya yofiira ikutanthauza kuti chining'acho n'cha pocheza ndi anzako basi: osachiika m'kalata ya ntchito, mu lipoti, kapena polankhula ndi munthu wamkulu. Yobiriwira ikutanthauza kuti chikhoza kulowa paliponse. "Kick the bucket", "get lost", "a pain in the neck" ndi "hit the sack" zinalandira zofiira. "Turn a blind eye", "bear fruit", "at a crossroads" ndi "nip in the bud" zinalandira zobiriwira. Timawu tating'ono tosasinthika, "a" ndi "the", tinatidula mzere kunsi. Maka amagwira bwino pa selotepi, bola mudikire kuti aume musanasanjikize makhadi.

M'kalasi ndinawauza kuti m'chimangirizo chimodzi zining'a zisapitirire ziwiri, ndipo m'kalata ya ntchito akhoza osaikamo n'chimodzi chomwe. Ndinawauzanso cholinga chenicheni cha bokosili, chomwe ndi chakuti azimva akamawerenga ndi akamamvetsera. Kulemba nazo kumabwera pambuyo, munthu atachiona chining'a m'malo osiyanasiyana. Chizindikiro cha mtunduwu chiyenera kukhalapo kuyambira pa khadi loyamba.

24 Malichi: mzere wa Chichewa

Ndinapempha Madamu a Chichewa kuti aone mizere yomwe ana a kalabu anawonjezera, ya miyambi ndi zining'a zathu zofanana ndi za Chingerezi. Zina anavomereza nthawi yomweyo. "A bird in the hand is worth two in the bush" ndi fodya wako ndi amene ali pamphuno. "It is no use crying over spilt milk" ndi madzi akatayika saoleka. "Two heads are better than one" ndi mutu umodzi susenza denga. "Lose heart" ndi kutaya mtima, "tip someone off" ndi kutsina khutu. Makhadi amenewa ndi omwe ana amawakonda, ndipo ena amakawawerengera agogo awo kunyumba.

Zina anazikana. Ana anafananitsa "wear your heart on your sleeve" ndi mtima wapachala, poona kuti konseku mtima uli kunja, pafupi ndi dzanja. Koma wa mtima wapachala ndi munthu wosachedwa kukwiya, pomwe chining'a cha Chingerezi, chomwe chili mu sewero la Shakespeare la Othello, chimanena za munthu wosabisa zomwe akumva mumtima, kaya ndi chikondi kaya chisoni. Pa "too many cooks spoil the broth" anaika chala chimodzi sichiswa nsabwe, chomwe chimanena zotsutsana nazo. Mnyamata wina anaika kupsa mtima pa "heartburn", chomwe ndi chilungulira chabe.

Madamu anati, "Achimwene, pomwe palibe chofanana musakakamize, ingolembani tanthauzo m'mawu wamba." Tinatsatira zimenezo. Mwa makhadi 200, omwe ali ndi mwambi kapena chining'a cha Chichewa sakufika 50. Mizere yolakwika tinaimata ndi kapepala koyera n'kuikanso tepi pamwamba. Mpukutu wina wa selotepi, K2,500.

12 Meyi: makhadi akusowa

Titawerenga kumayambiriro kwa teremu tinapeza makhadi 173. Ena anapita m'makope a ana n'kuiwalika, ena anatengedwa dala pokonzekera mayeso oyeserera. Kubwereketsa khadi limodzi limodzi sikungatheke kulondoloza. Tinabwereka chobowolera mapepala ku ofesi, n'kuboola ngodya ya khadi lililonse, n'kumanga makhadi khumi khumi ndi ulusi wa nayiloni wosokera matumba, K1,000. Mphira za ndalama tinaziyesa koma zimaduka zikatentha. Mtolo uliwonse uli ndi nambala, ndipo pulifekiti wa laibulale amalemba m'kope dzina la wobwereka ndi tsiku. Mtolo umabwera Lachisanu. Kuyambira pamenepo palibe lomwe lasowa. Pobowola, bowo likhale m'kati mwa tepi, apo ayi manila amang'ambika.

Makhadi 27 osowa aja tikuwalemba pamanja, chifukwa ndalama yosindikizira yatha. Ana a Fomu 3 akulemba, ine ndikuona chiganizo chilichonse asanamate tepi. Ndachotsamonso "raining cats and dogs" ndi zina zinayi zomwe sitinazionepo m'nyuzipepala kapena m'buku, n'kuikamo "in the pipeline", "a drop in the ocean", "on the back burner", "across the board" ndi "bear the brunt".

Pochonga mayeso oyeserera a Fomu 4 ndaona kuti zining'a za m'nkhani yowerenga sakuzitanthauziranso liwu ndi liwu monga ankachitira mu Okutobala, ndipo m'makalata simunapezeke za ngodya yofiira. Komwe akugwa tsopano ndi pa aneni oyenda ndi timawu tating'ono: "call off", "put up with", "look down on", "give in", "take after". Mwana amadziwa "call" ndi "off" koma samva kuti msonkhano walephereka. Amenewa akufunika mtolo wawowawo wa makhadi pafupifupi 60. Ndalembera komiti ya makolo ndi aphunzitsi kupempha K20,000 ya manila, fotokope ndi tepi, kuti tiyambe a Fomu 4 akangomaliza MSCE, pomwe chipinda chawo chidzakhale chopanda anthu ndipo tidzakhale ndi madesiki oyalapo makhadi kuti aume.